Telala Amene Ankakulitsa Thalauza Lake

A Telala ndawadziwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Khonde lathu ndi limodzi. Iwo amasoka zovala kumanja kwa chitseko cha golosale, ine ndimasoka nsapato kumanzere. Zimene ndikulemba pano, zina ndinaziona ndi maso angawa, zina anandiuza okha, zina ndinamva kwa akazi awo, amene sadziwa kukometsera nkhani. Sindithiramo mchere.

Pamene ankafika pakhondepo anali mnyamata woonda ngati bango, lamba atamuboola mabowo owonjezera kuti agwire. Anabwera ndi makina akuda opondera ndi phazi, pa wilibala yobwereka. Ntchito ankaidziwa. Munthu akangoima patsogolo pawo, iwo ankamuyang'ana kamodzi n'kutchula kukula kwa m'chiuno mwake tepi isanachoke m'khosi, ndipo akayeza zinkakhala zomwezo. Analinso ndi lamulo limene anatengera kwa mkulu amene anawaphunzitsa ntchito. Mkuluyo ankati posoka thalauza usamadule nsalu yonse. Uzisiya ina yopinda m'kati mwa msoko wakumbuyo, yokwana zala zitatu kapena zinayi, chifukwa thupi la munthu silikhala pamodzi. Mwini wake akanenepa adzabwera, udzamasula msokowo n'kukulitsa. Anthu ankawakonda chifukwa cha zimenezi. Thalauza losokedwa ndi a Telala linkakula limodzi ndi mwini wake.

Ntchito ya telala ndi yokhala pansi. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zimene zimayenda ndi manja ndi phazi basi. Ndipo golosale inali pamphuno. M'mawa a Telala ankayamba ndi tiyi wothira shuga mpaka sipuni kufuna kuima yokha, ndi mabanzi opaka majarini. Dzuwa likatentha ankangotambasula dzanja, mwini golosale n'kuwapatsa botolo lozizira la chakumwa chotsekemera. Masana akazi awo ankabweretsa chakudya chotentha m'mbale zomanga pansalu, nyama ikusambira m'mafuta, chifukwa mayiwo chikondi chawo ankachinenera mumphika. Kasitomala akalipira bwino, panali tchipisi chamadzulo. A Telala anakulira m'nyumba imene ana ankagona ndi njala, ndipo analumbira ali aang'ono kuti akadzayamba kudzidyetsa okha, mimba yawo sidzaliranso.

Mimbayo inasiya kulira, inayamba kutsogola. Anthu odutsa ankawayamikira.

"Koma a Telala mwanenepa bwino. Zikukuyenderani."

"Ndi chisomo," ankayankha, akuisisita ngati mwana.

Kwa iwo mimba inali chikwangwani cha shopu. Telala woonda ndani angamukhulupirire kuti ali ndi makasitomala?

Apa ndi pamene panali cholakwa chimene munthu wa ntchito ina sakanachita. Ife tonse tikayamba kunenepa, amene amayamba kutiuza ndi thalauza. Batani limakana, zipi imaima pakati, ndipo umadziwa kuti zinthu zasintha. Koma a Telala thalauza likangoyamba kuwagwira, ankadikira Loweruka masana ntchito ikachepa, n'kulowa kuseri kwa katani kumene makasitomala amayesera zovala. Ankavula, kudzikulunga nsalu m'chiuno, kumasula msoko wakumbuyo, makina n'kulira pang'ono, basi thalauza lamasuka. Nsalu yam'kati ikatha, ankasoka lina latsopano n'kusiyamo yambiri kuposa poyamba. Munthu amene ankayeza m'chiuno mwa msewu wonse sanazungulizepo tepi m'chiuno mwake. Zake ankangoyeza ndi maso, ndipo maso amakondera mwini wake.

Zaka zinapita choncho. Kuyenda kunayamba kuwavuta. Kuchokera pa siteji ya minibasi kufika pakhonde ankafika ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Mawondo ankalira podzuka pampando. Nsapato zawo ndinkazisoka ndine, ndipo zidendene zinkatha msanga kuposa za munthu wina aliyense. Ndinawauza. Anati chikopa cha masiku ano n'chachabechabe.

Tsiku lina akusoka diresi la mkwatibwi, la nsalu yoyera yoterera, phazi linawachitira dzanzi. Linali pachopondera, koma iwo sankalimva. Atafika pokhota anafuna kuimitsa makina, phazi silinamvere, singano inapitirira n'kudya nsalu mpaka pachifuwa pa diresilo. Nsalu yotereyi ukamasula ulusi imasiya mabowo. Pa zaka zonsezo anali asanawonongepo nsalu ya munthu, ndipo tsiku limenelo anachita kukagula ina n'kukapepesa kwa mayi ake a mkwatibwi, chipewa chili m'manja. Atabwerako anakhala pampando, akuyang'ana phazi lawo ngati la mlendo. Kenako analitsina. Sanamve kanthu.

Akazi awo anawakokera kuchipatala. Adokotala anawayeza magazi, kuwakweza pa sikelo, kuwakhudza zala zakuphazi ndi kawaya, n'kuwauza mosapsatira mawu. Shuga wakwera, magazi akuthamanga, ndipo dzanzi limenelo ndi shuga amene wayamba kudya mitsempha. Thupi likapanda kutsika, phazilo likhoza kudzachita bala losapola, ndipo mathero a bala lotero ndi kudula mwendo.

"Mwendo uti?" anafunsa a Telala, ngakhale ankadziwa.

"Umene wayamba kale, wakumanjawu."

Umenewo ndiwo unali wopondera makina. Ndiwo unawafunditsa denga, unaphunzitsa ana anayi, unaika maliro a makolo.

Anabwerako nkhope itagwa. Masiku angapo ankamwa tiyi wopanda shuga akukwinya nkhope ngati akumwa mankhwala. Koma mantha ndi moto wa mapesi. Sabata isanathe dzanja linatambasukanso lokha, botolo lozizira n'kufika.

Pachipatalapo panali gulu la akuluakulu onenepa kwambiri, limene linkakumana kamodzi pa sabata m'chipinda chakumbuyo. Munali mabenchi, sikelo pakona, ndi zenera limodzi losatseguka bwino. Ankaliyendetsa ndi nesi wina wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wawo wachiwiri. A Telala analowamo kokha chifukwa linali tsiku lolandira mankhwala, mzere unali wautali, ndipo m'chipindamo munali pokhala. Anakhala pafupi ndi chitseko, manja atapinda pamimba, atakonzeka kukangana ndi aliyense amene angawauze kuti asiye kudya.

Anesiwo sanaopseze munthu. Anati zoti kunenepa kwambiri kumabweretsa matenda aliyense m'chipindamo akuzidziwa, ndipo kudziwa kukanakhala kokwanira bwenzi mabenchiwo ali opanda anthu. Anati munthu sasintha khalidwe tsiku limodzi, amakwera ngati pa masitepe. Alipo amene sanaone n'komwe kuti pali vuto. Alipo amene aona koma amati tiona mawa. Ena akukonzekera, ena ayamba, ena akulimbana kuti asabwerere, ndipo ena anatsetsereka n'kuyambiranso. Malangizo a munthu wa pa sitepe ina samuthandiza wa pa sitepe ina. Ndiye anafunsa aliyense kuti waima pati.

Panali dalaivala wina wa lole, wonenepa kuposa onse, wokonda nthabwala, amene anzake ankangomutcha Matayala.

"Ine, anesi, ndili pa sitepe ya mawa," anatero. "Ndakhalitsapo, mpaka ndamangapo nyumba."

Anthu anaseka. Itafika nthawi ya a Telala, anayankha mouma.

"Ine ndangobwera kudzatenga mankhwala."

"Palibe vuto, bambo. Khalani, mumveko za anzanu."

Zimenezi zinawakwiyitsa kuposa kukalipiridwa. Anali atanola mawu, koma panalibe woti amucheke nawo.

Anapitanso sabata yotsatira, akuti pofuna pokhala. Tsiku limenelo anesi anafunsa kuti chimene chinayamba kuuza aliyense kuti thupi lakula n'chiyani. Mayi wina wogulitsa mumsika anati mphete yaukwati, imene anachita kukaidulitsa. Matayala anati chiwongolero, poti pokhota chinkamupala mimba n'kumuthothola mabatani.

"Nanga inu, bambo?"

"Ine palibe chinandiuza."

"Thalauza silinakuthinenipo?"

"Silinandithinepo chiyambire."

Matayala anatembenuka pabenchi n'kuwayang'ana kuyambira kuphazi kukwera, maso ake n'kuima pa tepi imene inali m'khosi mwawo, poti a Telala ankaiiwala m'khosi kulikonse kumene apita.

"Akuluakulu, musadabwe. Madalawa ndi telala. Thalauza likati liyankhule, amalitseka pakamwa."

Anthu onse anafa nacho chiseko. A Telala makutu anawatentha. Anesi anadikira kuti phokoso lithe.

"Sindikuyezani pano, bambo. Tepi muli nayo. Mukadziyeze nokha tsiku limene mtima wanu wafuna."

Panapita masiku. Kenako m'mawa wina, makasitomala asanayambe kubwera, analowa kuseri kwa katani n'kudziyeza m'chiuno ndi tepi ija. Anatulukako patapita kanthawi, n'kukhala pampando osavundukula makina. Nambala imene anaona, kwa munthu wina ikanakhala nambala chabe. Koma iwo anthu ankawakumbukira ndi m'chiuno mwawo. Pa moyo wawo wonse anali atasokera amuna awiri okha a m'chiuno motero, wogulitsa nyama wina ndi mphunzitsi wamkulu wina, ndipo onse awiri anali atatsikira kale kulichete asanaone zidzukulu.

Sabata imeneyo anauza anesi kuti akufuna kuyamba. Anesi anakondwa, koma anawalangiza kuti asankhe chinthu chimodzi chaching'ono, chimene akudziwa mumtima kuti angachikwanitse. Anati munthu akapambana pa chaching'ono amayamba kudzikhulupirira, ndipo kudzikhulupirirako ndiko kumadzanyamula zazikulu. A Telala anangoseka chamumtima. Chaching'ono? Iwo, amene ankasoka mayunifolomu a sukulu yonse osadzuka pampando? Zazing'ono n'za ana.

Anasiya chakudya cham'mawa. Anasiyanso chamasana, mbale za akazi awo n'kumabwerera zosavundukula. Ankangomwa madzi, uku akumwa mankhwala a shuga monga mwa nthawi zonse. Patapita masiku ochepa manja anayamba kunjenjemera, ulusi unkakana kulowa pa singano, ndipo ankakalipira makasitomala popanda chifukwa. Masana ena maso anachita mdima, anatsetsereka pampando n'kugwa pakati pa zidutswa za nsalu. Amene anawatsitsimutsa ndi mwini golosale, powamwetsa chakumwa chomwe chija ankachithawa.

Atadzuka pamenepo anati zimenezi n'zopha anthu. Anayamba kudya ngati munthu wochokera kundende, kugulu anasiya kupita, ndipo mwezi usanathe thupi linabwerera n'kupitirira pamene linali. Thalauza linayamba kuwagwira.

Loweruka masana analowa kuseri kwa katani monga kale. Anatuluka atadzikulunga nsalu, thalauza lili m'manja, anakhala pamakina n'kuyamba kumasula msoko ndi lezala. Ali pakati, akazi awo anatulukira ndi mbale. Anaima, anayang'ana thalauzalo, anayang'ana amuna awo. Mbalezo anaziika pa tebulo pang'onopang'ono.

"Limenelo ndi la kasitomala uti?"

A Telala anapitiriza kumasula msoko.

"Ndikufunsa, bambo. Kasitomala wake ndi amene wavala nsalu ngati wodwalayu?"

"Likundithina, mayi. Ndiziyenda maliseche?"

"Lisiyeni likuthineni. Ine ndinakhala chete zaka zonsezi, ana anakhala chete, anzanu amangokuyamikirani. Lokuuzani zoona latsala ndi thalauza lokhali."

"Ndinayesa, munaona nokha. Ndinatsala pang'ono kufa."

"Munayesa nokha, ngati m'nyumba muja mumakhala nokha. Amaphika ndani? Mafuta amathira ndani? Mukanandiuza kuti tichite bwanji, m'malo mondibwezera mbale ngati ndakulakwirani." Analoza phazi limene linali pachopondera. "Phazi limenelo si lanu nokha. Tadyera momwemo tonse. Akakalidula, makinawa ndizipondera ndine?"

A Telala anasiya kumasula msoko, lezala lili m'manja. Kenako analiika pansi. Anabwezera thalauza pansi pa singano n'kusoka msoko pamzere wake wakale, osawonjezera ngakhale pang'ono. Anatenga sizasi yaikulu, kutembenuza thalauzalo, n'kudula nsalu yonse yopinda m'kati, ija ankasiya kuti adzakulitsire. Kansaluko kanagwa pamapazi pawo. Mkulu amene anawaphunzitsa ntchito akanaona zimenezi akanawamenya ndi thabwa loyezera.

"Mwaona, mayi?" anatero. "Makina awa sadzakulitsanso thalauza langa. Likadzathina, wosintha ndine."

"Ndamva. Lolemba mubweretse mathalauza ena onse ali m'sutikesi aja. Ndimakudziwani."

Anabweretsa onse, n'kudula nsalu yam'kati ija, akazi awo ali pomwepo.

Kugulu anabwerera ndi manyazi, akazi awo ali pambuyo. Woyamba kuwalandira anali Matayala.

"Taonani, wothawa uja wabwera ndi apolisi."

Anesi atamva za kugwa kuja sanaseke. Anawauza mosabisa kuti kudzimana chakudya uku ukumwa mankhwala a shuga kukhoza kupha munthu, ndipo asadzachitenso. Koma za kubwerera m'mbuyo anati si zachilendo. Ambiri amatsetsereka kangapo asanaime, ndipo wobwerera kugulu sayambira pansi penipeni, chifukwa amabwera akudziwa pamene panamuterera.

"Tsono tisankhe chimodzi, bambo. Osati chondisangalatsa ine. Chimene mukudziwa kuti mawa muchita."

A Telala anaganiza. "Botolo lamasana lija."

"Musiyiretu, kapena muchepetse?"

"Ndisiyiretu. Koma tiyi musamukhudze kaye."

"Tiyi sitimukhudza. Nanga dzanja likatambasuka lokha, mudzatani?"

Funso limeneli linawaimitsa mutu, chifukwa zinali zoona kuti dzanjalo linkapita lokha asanalitume. Anesi anati chizolowezi chilichonse chili ndi chimene chimachidzutsa, ndipo n'kosavuta kusuntha chodzutsacho kusiyana ndi kulimbana ndi mtima tsiku lonse.

Kutacha a Telala anatembenuza makina. Zaka zonsezo ankasoka atayang'ana chitseko cha golosale, firiji ili m'maso. Tsopano anayang'ana kumsewu, n'kuika chigubu cha madzi pamene dzanja linkafikira. Anauzanso mwini golosale kuti akadzapempha botolo adzawakanize.

"Mukundiphera bizinesi, aneba," anadandaula mwini golosale.

"Nanga ndikafa mudzagulitsa kwa ndani?"

Za kuyenda anapeza okha njira. Anesi anati munthu wokhala pansi tsiku lonse azidzukadzuka, koma telala sayang'ana wotchi ntchito ikagwira. Chimene chimamuimitsa ndi ulusi wapansi ukatha mu bobini. Ndiye anapangana nayo bobiniyo. Ikatha, asanakulungenso ulusi, ankadzuka, kuyenda mpaka pamphambano n'kubwerera. Poyamba ankabwerako akupuma ngati mvukuto, ndipo anthu ankafunsa ngati ataya chinthu. Patapita miyezi anayamba kutsika minibasi isanafike pa siteji yawo, kenako anaisiyiratu masiku opanda mvula.

Kunyumba akazi awo anachepetsa mafuta, anachulukitsa masamba ndi nyemba, anagula mbale yocheperako. Tsiku loyamba a Telala anaiyang'ana mbaleyo n'kufunsa ngati m'nyumba mwabwera mwana wa sukulu. Mayiwo anawaonetsa yawo, imene inali chimodzimodzi, nati m'nyumba imodzi simuphikidwa miphika iwiri. Shuga wamutiyi anatsika pang'onopang'ono, mpaka a Telala anayamba kudandaula kuti tiyi wa anthu ena ndi wotsekemera ngati uchi. Lamulungu madzulo ankayenda ndi Matayala kuzungulira bwalo la mpira, akunyozana njira yonse. Matayala ankati telala amayenda ngati akuyeza msewu, iwo ankati dalaivala wopanda lole ali ngati bakha pamtunda. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tsiku limene anabweza thalauza lawo koyamba, kulichepetsa m'malo molikulitsa, sanadikire Loweruka. Anasokera poyera, akuimba mluzu.

Koma panabwera china chimene sanachiyembekezere. Masaya atayamba kulowa, kolala ya malaya n'kumalendewera, anthu anasiya kuwayamikira n'kuyamba kunong'onezana. Munthu wamkulu saonda chabe, ankatero. Ena ankati akudwala matenda obisa, ena ankati bizinesi yagwa. Mayi wina amene anali kasitomala wa zaka zambiri anabwera kudzatenga nsalu yake isanasokedwe, akuti wasintha maganizo, maso akuthawa. Zimenezi zinawapweteka kuposa njala. Ulemu umene mimba inawapatsa unkachoka limodzi ndi mimbayo, ndipo masiku amenewo ankacheukacheuka kumbuyo, kumene kunali firiji.

Makina sanawatembenuze. Mayi uja atabweranso tsiku lina kudzagula mugolosale, anamuitana.

"Mayi, taimani. Ndamva kuti mukundidera nkhawa. Ndili ndi shuga, ndipo ndikuonda dala kuti asandidule mwendo uwu. Kauzeni anzanu asamavutike kunong'ona, akhoza kudzandifunsa."

Mayiyo anasowa poyang'ana. Nsalu ija anaibweretsanso, ndipo patapita nthawi anabwera ndi mwamuna wake, amene thalauza lake linkafunika kukulitsa. A Telala analikulitsa, poti ndi ntchito yawo, koma popereka anati, "Achimwene, aka si koyamba kukukulitsirani. Ine ndinkachita zomwezi. Kuchipatala kuli benchi." Kuyambira pamenepo amatero kwa aliyense. Ena amakwiya osabweranso. Ena ndawaona pambuyo pake akuzungulira bwalo la mpira.

Zoona zake n'zakuti a Telala sanasanduke mnyamata. Mpaka lero ndi munthu wathupi, ndipo mankhwala akumwabe. Zala ziwiri zakuphazi dzanzi silinathe, ndipo adokotala anati mwina silidzatha. Koma shuga anatsika, bala silinabwere, ndipo chopondera amachimva. Akafika pokhota, makina amaima pamene iwo afuna. Matayala amalowa n'kutuluka m'gulumo ngati lole yake pachipata, ndipo ena amene anayamba nawo limodzi anasowa osatsanzika.

Chaka chathachi ndi pamene lonjezo lija linayesedwa. Inali nyengo yotsegulira sukulu, mayunifolomu ataunjikana mpaka pazenera, za maukwati zili pamwamba. Bobini ikatha ankati ndidzuka ikatha inayo. Kuyenda kunaima, minibasi inabwerera, mabanzi nawo anapeza njira. M'mawa wina batani linakana.

Nsalu yokulitsira munalibe, koma telala sasowa njira. M'kabati munali chidutswa cha mtundu womwewo, ndipo iwo amadziwa kulowetsa kansalu kumbuyo mwakuti ngakhale telala mnzawo sangaone. Akazi awo anali atapita kukasamalira mwana wawo amene anali atangobereka kumene, ndipo sakanabwera msanga. Matayala anawapeza atayala chidutswacho pa tebulo, akuchiyang'ana.

"Ikani, madala. Ndani adziwe? Ine sindinaone kanthu."

"Iwe ndi mayi simudziwa. Koma phazi lidziwa."

"Phazi lili ndi maso?"

"Choka apa, Matayala, ukunditsekera kuwala."

Anapinda chidutswacho n'kuchibwezera m'kabati. Anakoka mpweya, kulowetsa mimba, batani n'kulowa mokakamiza. Thalauza lothinalo anakhala nalo masabata angapo, atawongoka pampando ngati msilikali, singano ikagwa akulephera kuwerama kuti aitole. Sabata yomweyo anapita kugulu n'kunena pamaso pa onse kuti atsetsereka. Makasitomala ena anawauza kuti zovala zawo zichedwa, wofulumira akhoza kupita kwina, ndipo ena anapitadi. Bobini ikatha, anayambanso kudzuka.

Akazi awo atabwerako, asanamasule n'komwe katundu, anatenga thalauza limene linali pachingwe n'kulitembenuza kuti aone msoko wakumbuyo. Anaupeza uli momwe unalili. Anangolipinda bwinobwino n'kuliika pampando.

Batani lija tsopano likulowa popanda kukoka mpweya. Tsiku lina ndinawafunsa ngati lonjezo lawo latha, kuti apumeko. Anati ayi, lonjezo lotere munthu salimaliza, amangolisunga. Analonjeza akazi awo kuti makina aja sadzakulitsanso thalauza lawo, ndipo kufika lero m'mawa, pamene ndinawaona akubwera wapansi kuchokera kumphambano, anali asanaliphwanye.